Ndembo ndi Akampango a M'chilimwe

Kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe, m'mudzi mwathu muno munali mkamwini wina dzina lake Ndembo. Adachokera kumapiri kudzakwatira Nachisale, mayi amene tonsefe tidachokera mwa iye. Bwato sankalidziwa. Nkhafi sankaidziwa. Ntchito yake kwawoko inali kukumba zitsime basi. Nanga wokumba zitsime ali ndi phindu lanji m'mbali mwa nyanja ya Malombe?

Chaka china chilimwe chidakula. Mchenga kuotcha mapazi, madzi a m'bango kufunda ngati osambitsa khanda. Amuna ankaponya khoka pomwe ankaponya makolo awo, kukoka: ndere zokhazokha. Kuponyanso, kukoka: ndere. Ana adayamba kudyera mchere.

Mukudziwa zimene anthu amachita njala ikawapana? Amafuna womuloza chala. Mlamu wake wa Ndembo, Chipala, adamuuza pamaso:

"Alamu, chibwerereni inu nsomba zathawa. Mwezi uno ukafa, muzipita kwanu."

Nachisale anali ndi pakati. Adafunsa kuti, "Achimwene, nanga mwanayu bambo wake adzakamuona kuti?" Chipala adangotembenuka n'kumapita.

Ndembo sadakangane naye. Kutacha adabwereka kabwato kakale, adamanga mwala kuchingwe, n'kupalasa mokhotakhota anthu akumuseka pagombe. Akafika pena ankatsitsa mwalawo, kudikira, kuukoka, kuugunditsa patsaya. Wofunda. Kusuntha. Kutsitsa, kudikira, kukoka. Wofunda. Tsiku lachitatu, uko kumene mtsinje wa Shire umadutsa mkati mwa nyanja, chingwe chidalowa mikono khumi, mwala n'kutuluka wozizira.

Atabwerera adauza mkazi wake kuti, "Amayi, chitsime chimafunda pamwamba, pansi chimazizira. Nsomba sizidathawe ayi. Zatsikira kozizira."

Mukuganiza kuti adagwira pomwepo? Ayi ndithu. Adagoneka mbedza pansi penipeni, nkhanu n'kumudyera nyambo yonse. Mawa lake adakoka matope. Ndiye adamanga mbedza mkono umodzi pamwamba pa mwala, n'kukola kansomba kamoyo pamsana kuti kaziphiriphitha. Adaonanso kuti madzi akangoti zii, dzuwa likulowa mpaka pansi, palibe chimagwira. Tsono ankadikira kamphepo kawakwinye pamwamba, iye n'kuika nkhafi pambali, bwato liziyenda lokha potsata mtsinje wobisikawo.

Mwezi utatsala pang'ono kufa, chingwe chidalemera. Sichidagwedezeke, chidangolemera. Kampango sameza mwaphuma, amayamba walawa. Ndembo adapuma katatu, kenaka adakoka. Tsiku limenelo adabwera ndi akampango asanu, wamkuluyo n'kukamutula pakhomo pa Chipala.

"Mwazitenga kuti, alamu?"

"Pansi."

"Mankhwala ake?"

"Mwala."

Chipala adati makolo ake sadawedzepo kumeneko, iyenso sangapiteko. Amuna ena adapita. Fungo la nsomba zowamba lidadzaza mudzi, kupatula pakhomo pake pokha. Adapirira masiku anayi. Tsiku lachisanu Ndembo adamupeza atakhala kale m'bwato, mwala wake uli m'manja, nkhope atayang'ana kunyanja. Adapalasa onse awiri kulowera pakati pa nyanja. Chipala sadapepese, Ndembo sadafunse chipepeso, ndipo za kuchoka sizidatchulidwenso. Ndembo adakalambira muno, manda ake ali paja pamsewu wopita kudooko.

Mvula itagwa madzi adazizira, nsomba n'kubwerera m'bango, ndipo Ndembo ndiye adayamba kusiya mwala wake kunyumba. Sadaumirire pakati pa nyanja chifukwa choti mpomwe adatchukira.

N'chifukwa chake ife a kwa Nachisale, mbedza ikabwera yopanda kanthu, sitifunsa kuti walakwa ndani. Timafunsa kuti madzi ali bwanji lero. Nsomba sibwera pamene pali bwino kwa iwe, mwana wanga. Iwe ndiwe uyenera kupita pamene pali bwino kwa iyo.