Ntchito Yoti Aliyense Angathe

Shopu ya Mayi Telala inali ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo chinali cha phokoso: makina osokera ali kwekwerekwe, wailesi ili pamwamba, makasitomala akudandaula za malaya othina, ndipo pakati pa zonsezo Mayi Telala eni ake, tepi yoyezera ili m'khosi, akulamula uku ndi uku. Chakumbuyo chinali chaching'ono, cha zenera limodzi. Mmenemo munkakhala mayi wina wachikulire wochokera kudziko lina, amene atsikana a pamakina anawapatsa dzina loti Achete. Chilankhulo cha kuno ankachimva bwinobwino, koma mawu ankawatulutsa moumira ngati amachita kugula.

Achete sankasoka zovala zatsopano. Yawo inali ntchito yochiza zakale. Jekete lodyedwa ndi njenjete, diresi lopsa ndi ndudu, buluku lokodwa ndi msomali, zonse zinkalowa m'chipinda chakumbuyo, ndipo potuluka bala linali litasowa. Sindikunena za chigamba ayi, chigamba aliyense amachiona. Mwini chovala ankachitembenuza, kuchiunika padzuwa, mapeto ake n'kufunsa ngati ndi chake chomwe chija. Anthu ankachokera mbali zonse za tauni, ndipo onse ankathokoza Mayi Telala. Iwo zikomoyo ankamulandira ndi manja awiri, khomo lakumbuyo lili chitsekere. Kunena zoona, zaka zonsezo anali asanakhalepo pansi n'kuona mmene Achete amagwirira ntchito. Chawo chinali kulowetsa chovala chodwala ndi kutulutsa chochira.

Tsono chilolezo chimene boma linapatsa Achete chinkawalola kugwira ntchito pa shopu imeneyi basi, ndipo chinali pafupi kutha. Tsiku lina anatuluka m'chipinda mwawo muja n'kuima pafupi ndi kauntala mpaka makasitomala atachepa.

"Mayi," anatero, "ulendo uno ndikufuna kupempha chilolezo china. Chodzilemba ndekha ntchito. Ndapeza kachipinda kumsewu wa kumunsiku."

"Kachipinda? Kuno takulakwirani chiyani, anzanga?"

"Palibe. Mwandisunga bwino. Koma ndakula, ndikufuna khomo langalanga. A ku ofesi yoona za alendo abwera kudzakufunsani za ine. Mungowauza zimene ndimachita."

"Aa, zazing'ono zimenezo, musadandaule," anayankha Mayi Telala akumwetulira. Koma kumwetulirako kunathera m'mano, mumtima munali moto.

Tisawanamizire, Mayi Telala sanali munthu woipa. Achete atadwala chaka china, ndi iwo amene anawathamangitsira kuchipatala ndi kuwagonera. Koma dyera likalowa mumtima limakhala pampando wa chifundo. Anaona makasitomala awo onse akutsetsereka kumsewu wa kumunsi, ndipo tulo tinawathawa. Mwana wawo wamwamuna, amene ukwati wake unali pafupi, anayesa kuwalankhula.

"Amayi, munthuyu mwamudyera masuku pamutu kokwanira. Mlekeni naye apume mpweya wake."

"Iwe uziganiza za mkazi wakoyo," anamudula. "Za shopu uzidziwira pati?"

Wa ku ofesi uja anabweradi, bambo wamtali wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anakhala pa mpando woyezera zovala n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Mayi awa akuti ali ndi luso limene kuno ndi losowa. Inu monga abwana awo mukuti bwanji?"

"Luso?" Mayi Telala anaseka mpaka tepi inagwedera. "Bwana, musandiseketse. Amangosoka mabatani, kupinda mipendero, nthawi zina kusita. Ndi ntchito yoti aliyense wa kuno angathe."

"Mwati aliyense angathe?"

"Ngakhale mwana wa sukulu."

Bambo uja analemba, anathokoza, n'kumapita. Pamenepo m'pamene Mayi Telala anaona kuti khomo lakumbuyo linali lotsegula, ndipo Achete anali ataima pamenepo ndi singano m'manja. Anangobwerera mkati n'kutseka khomo pang'onopang'ono.

Yankho silinachedwe. Chilolezo chodzilemba ntchito chinakanidwa, ndipo Mayi Telala anapumira m'mwamba chamumtima. Koma yankholo linali ndi mchira. Chilolezo chakale chija nachonso sichiwonjezeredwa, chifukwa mlendo amaloledwa kugwira ntchito ngati akubweretsa chimene eni dziko alibe, ndipo abwana ake enieni achitira umboni kuti ntchito ya mayiyu aliyense angaithe. Mwezi ukatha, Achete anyamule katundu abwerere kwawo, kumene analibenso nyumba kapena m'bale wowadikira.

Mayi Telala ankafuna kutseka chitseko kuti munthu asatuluke, koma anagwetsa nyumba yonse.

Achete akanawatukwana, bwenzi zili bwino. Koma ankabwera m'mawa monga mwa masiku onse, kupereka moni waulemu, n'kumamaliza zovala za anthu zimene zinatsala kuti asadzasiye mavuto m'mbuyo. Ulemu umenewo unkawawawa Mayi Telala kuposa mbama.

M'masiku omwewo mwana wawo uja anapempha kuti pa ukwati wake adzavale jekete la malemu bambo ake. Linali jekete lotuwa, la nsalu yolemera, chinthu chokhacho cha amuna awo chimene Mayi Telala anakana kugawira abale. Sanalole mtsikana aliyense kulikhudza, anati alisita okha. Anaika simbi pachifuwa pa jeketelo, maganizo ali ku ofesi ija, ndipo chimene chinawadzidzimutsa ndi fungo. Atanyamula simbi, nsalu inali itapsa, pakati pake pali chibowo choti chala n'kulowa.

Analira ngati maliro aja ayambiranso. Atatha kulira anazindikira kuti m'tauni monse munali munthu mmodzi yekha amene akanalichiza, ndipo anali kuseri kwa khomo lija. Ananyamula jeketelo n'kupita.

"Anzanga," anatero ali chiimire pakhomo, "ndilibe nkhope yokupemphani kanthu."

Achete anayang'ana jekete, osati nkhope yawo. "Khalani apo, Mayi. Mundigwirire nsalu."

Umu ndi mmene Mayi Telala anaonera koyamba ntchito imene inkawadyetsa. Achete anadula mbali zopsa zonse mpaka chibowo chinakula, ndipo mtima wa Mayi Telala unalumpha. Kenako anatembenuza jeketelo, kumasula mpendero wa mkati, n'kuyamba kusolola ulusi pamenepo, umodziumodzi, wowonda ngati tsitsi. Ankauyala pa kansalu koyera mosiyanitsa mitundu. Mayi Telala anatong'ola maso. Jekete limene iwo ankati n'lotuwa linali ndi ulusi wakuda, wobiriwira, woyera, mpaka wina wofiirira. Analisita zaka zonse za banja lawo, ndipo sanadziwe.

Ndiye singano inayamba kuyenda. Achete sankasoka, ankaluka nsaluyo kachiwiri. Ulusi uliwonse ankaupezera njira yake yakale, pamwamba pa uwu, pansi pa uwo, pamwamba pa iwiri, monga mmene makina a kufakitale anauyendetsera kalekale jeketelo lisanakhale jekete. Akafika kutsidya kwa chibowo, nsonga ya ulusi inkalowa m'nsalu yakale n'kusowa. Zala zawo zinali zokhwinyata, koma sizinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Phokoso la makina a kutsogolo linamveka ngati likuchokera kutali. Mayi Telala, munthu amene sankatha kukhala chete ngakhale m'tchalitchi, anapezeka akuopa kupuma. Dzuwa linasuntha pazenera, ndipo chibowo chija chinkatsekeka pang'onopang'ono ngati diso la mwana amene akugona.

Pomaliza Achete anaikapo kansalu konyowa, kupondereza ndi simbi, n'kuwapatsa jekete. Mayi Telala anafunafuna ndi maso, anafunafuna ndi chala. Iwo ndi amene anawotcha, iwo ndi amene anagwira nsalu tsiku lonse, koma malowo sanawapeze. Anagwidwa ndi mantha aja amene amamugwira munthu akaona chinthu chomuposa. Chozizwitsa chotere chinkachitika kuseri kwa khomo lawo tsiku ndi tsiku, iwo ali kalikiliki kukangana za malaya othina, ndipo atafunsidwa anachitcha kusoka mabatani.

M'mawa mwake anatseka shopu, anatenga Achete ndi jekete, ulendo wa ku ofesi. Anadikira pamzere pamodzi ndi alendo ena ogwira mapepala awo, mpaka anafika pa tebulo la bambo wa magalasi uja.

"Bwana, tsiku lija ndinanama. Pezani pamene panapsa pa jekete ili."

Bamboyo analitembenuza uku ndi uku. "Sindikuona kanthu."

"Ndiye luso lawolo."

"Mayi," anatero mofatsa, "tsiku lija munandiuza zina, lero mukundiuza zina. Ndikhulupirire ziti? Jekete labwinobwino si umboni. Ndidziwa bwanji kuti linapsapo?"

Funsolo linali loona. Ntchito ya Achete ikatheka bwino, imadzifufuta yokha. Mayi Telala anaima pamenepo, m'maganizo akuona Achete akukwera basi ndi kachikwama kake chifukwa cha pakamwa pawo. Kenako anapisa dzanja m'chikwama mwawo n'kutulutsa sizasi. Telala sasiyana ndi sizasi.

"Jekete ili ndi la malemu amuna anga," anatero. "Mwana wanga alivala pa ukwati wake sabata yomwe ino. Yang'anitsitsani, bwana."

Anatsina nsalu ya pamkono, n'kuidula. Kulira kwa sizasiyo kunamveka ofesi yonse. Mayi wina pamzere anagwira pakamwa. Mayi Telala anakweza mkono wa jeketewo kuti aliyense aone bala, misozi ili mbwembwembwe.

"Mayi awa apatseni mpando pafupi ndi zenera," anatero. Achete anakhala pansi, kutulutsa singano yawo, n'kuyamba kuluka.

Ofesi ya boma si malo ochitikira zodabwitsa, koma tsiku limenelo anthu anaiwala zimene anabwerera. Oyamba kuzungulira anali a pamzere aja. Kenako mayi wodinda mapepala anasiya chidindo chake n'kubwera. Mlonda wa pakhomo anasuzumira, n'kulowa. Bambo wa magalasi anayesa kubwerera ku ntchito yake, koma anadzukanso, ndipo ulendo wachiwiriwo sanakhalenso pansi. Wina foni yake itaitana anaizimitsa mwamanyazi ngati ali pamapemphero. Achete sanadzutse mutu ngakhale kamodzi. Kwa iwo kunali ulusi ndi kuwala kwa pazenera basi.

Atamaliza anapempha madzi pang'ono, kunyowetsa malowo, n'kuwasisita ndi chikhatho. Bambo uja anatenga jekete. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anayendetsa chala pamkono ponse kuchokera paphewa mpaka kumapeto.

"Ndinaona ndi maso angawa akudula," anatero chapansipansi, ngati akudzilankhula yekha. Kenako anatembenukira kwa Achete, ndipo mawu ake anali a munthu wolankhula ndi wamkulu. "Amayi, zimenezi munaziphunzira kuti?"

"Kwathu," anayankha Achete. "Kunali zaka zimene nsalu inasowa m'masitolo. Jekete limodzi ankavala bambo, kenako mwana, kenako mdzukulu. Amayi anga ankati umphawi ukhale m'nyumba, usamaoneke pamsana pa munthu."

Anthu aja anangopukusa mitu. Bamboyo anapinda jeketelo mosamala n'kulipereka kwa Mayi Telala ndi manja awiri.

"Chigamulo si changa ndekha," anatero, "koma zimene ndaona ndikazinena."

Mwezi usanathe chilolezo chinatuluka, chodzilemba okha ntchito chija. Mnyamata anakwatira atavala jekete la bambo ake, ndipo palibe mlendo wa paukwati amene anadziwa kuti linafa kawiri sabata imodzi. Achete anatsegula khomo lawo kumsewu wa kumunsi, ndipo zimene Mayi Telala ankaopa zinachitikadi: makasitomala ambiri anatsetsereka komweko. Mayi Telala anadandaula, poti nawonso ndi munthu. Koma ukadutsa pa kachipinda kaja masana, uona mayi wina wonenepa, wa mawu aakulu, atakhala pa kampando kakang'ono ndi singano m'manja, lilime lili panja, akulimbana ndi kachidutswa ka nsalu. Ndipo umva mawu ofatsa akuti, "Mwalumpha ulusi, Mayi. Bwezani." Mayi Telala n'kubweza, osayankha.

Munthu wobwera timafulumira kumuyeza ndi zimene akutidyera, osafunsa zimene wanyamula m'manja mwake. Mayi Telala anatsala pang'ono kuthamangitsa m'dziko chinthu chimene tauni yonse inalibe. Akuluakulu sananame: mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.