Munthu Amene Anagula Kanema Atatsinzina

Panali munthu wina, kalaliki pakampani ina mumzinda wa Blantyre, amene ankakhala m'nyumba yosanjikizana, pansanjika yachitatu. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri ndi balaza laling'ono, loti munthu akakhala pampando n'kutambasula miyendo, zala zake zinkatsala pang'ono kukhudza khoma la kutsogolo. Makoma ake anali opyapyala. Woyandikana naye akayetsemula, banja lonse linkadziwa kuti chimfine chafika.

M'nyumbamo ankakhala ndi mkazi wake, ana awiri, ndi bambo ake omubereka. Bambowo anakawatenga kumudzi ku Ntcheu mayi ake atamwalira, pakuti matenda a shuga anali atawononga maso awo, ndipo kumudziko kunalibe wowaphikira kapena wowakumbutsa mankhwala. Usana ndi usiku ankatha kusiyanitsa, koma nkhope za adzukulu awo sankaziona. Makutu nawonso anali atayamba kulemera, monga amachitira makutu a munthu amene wapyola zaka makumi asanu ndi awiri.

Banjali linkasonkhana pabalaza kuonera kanema. Kanemayo anali wakale, ndipo mawu ake ankatuluka ngati a munthu wolankhulira mumtsuko. Amene anali ndi maso sankadandaula, chifukwa chimene khutu laphonya, diso linkatola. Agogowo analibe diso lowatolera kanthu. Choncho ankafunsa kawirikawiri kuti amene walankhulayo ndani, ndipo wanena chiyani. Poyamba adzukulu ankayankha mokondwa. Kenako ankayankha mwachidule, maso ali pakanema. Tsiku lina mwana wamkulu, mtsikana dzina lake Nthambi, anawauza kuti adikire kaye sewero lithe, awafotokozera zonse pamodzi. Sewerolo litatha, aliyense ananyamuka kukachita zake, ndipo palibe amene anakumbukira lonjezolo.

Agogowo sanakalipe. Anangoleka kufunsa. Patapita masiku analekanso kubwera pabalaza. Ankakhala m'mphepete mwa bedi lawo, manja ali pamawondo, akumva banja likuseka kuseri kwa khoma. Patapita mwezi anaitana mwana wawo, namuuza kuti akufuna kubwerera kwawo. Anati m'tauni munthu wosaona ndi katundu, ndipo katundu ayenera kukhala pamene sapunthwitsa anthu. Mwanayo anachonderera. Anawakumbutsa kuti kumudzi kulibe wowasamalira, ndi kuti chipatala chili kutali. Iwo anayankha kuti zonsezo akuzidziwa, ndipo anatchula tsiku la ulendo: Loweruka lomaliza la mweziwo. Munthuyo ankadziwa kuti bambo ake akapita, sakakhalitsa ndi moyo. Chimene sankadziwa ndi chomwe chinawakhumudwitsa, pakuti chakudya ankawapatsa, mankhwala ankawagulira, ndipo palibe amene anawalankhulapo mwano.

Masiku omwewo kanema wakale uja anazima osayakanso. Munthuyo anali atangolandira ndalama za chipereganyu cha kuntchito, ndipo iye ndi mkazi wake anapangana kuti zigulire kanema watsopano ndi zokuzira mawu. Mkaziyo ananena momveka kuti malire ndi omwewo. Pa ndalama za lendi ndi za sukulu pasafike dzanja. Ana anapempha kanema wamkulu kuposa wa banja lokhala pansi pawo. Munthuyo nayenso mumtima mwake ankafuna zomwezo, chifukwa anzake akuntchito akabwera kudzaonera mpira ankanyoza kanema wake wakale uja. Monga ambiri a ife amene tinapita kusukulu, ankaopa kusekedwa kuposa mmene ankaopera kulakwa.

Kutatsala sabata imodzi kuti bambo ake anyamuke, anapita kusitolo ina ku Limbe. Wogulitsa anali mayi wachikulire, wodziwa ntchito yake. Atamva kuchuluka kwa ndalama zimene munthuyo anabwera nazo, anamutengera kwa kanema wamkulu ngati chitseko, wozunguliridwa ndi masipika asanu otchipa ndi chisipika china chogunda ngati ng'oma. Anaika filimu ya nkhondo. Pansi pananjenjemera. Anthu odutsa panja anaima pakhomo kusuzumira. Munthuyo anaona m'maganizo mwake anzake akuntchito atakhala chete pabalaza pake, pakamwa pali yasa, ndipo anauza mayiyo kuti atenga zimenezo.

Anaweramitsa mutu kuti atulutse envulopu m'thumba la jekete. Nthawi yomweyo mufilimu muja mfuti zinaleka, ndipo anthu awiri anayamba kukambirana. Iye anali akuyang'anabe pansi. Anamva kuti kukulankhulidwa, koma mawuwo anamira m'nyimbo ndi m'kugunda kuja. Asanaganize, anafunsa wogulitsayo kuti, "Wati chiyani ameneyo?"

Funsolo litangotuluka, analizindikira. Linali la bambo ake.

Anabwezera envulopu m'thumba. Anapempha mpando, nauika pamtunda wofanana ndi wa pabalaza pake. Kenako anapempha mayiyo kuti achotse filimu ya nkhondo, aike pulogalamu wamba ya anthu okambirana m'Chichewa, ndipo atsitse mawu kufika poti woyandikana naye sangagogode khoma. Atatero anakhala pansi n'kutsinzina.

Mayiyo anamuyang'ana kanthawi, ndipo anati: "Bwana, ngati mukupempherera mtengo kuti utsike, ndikuuzirenitu: abusa awiri anayesapo kale pampando womwewo, sizinatheke."

Munthuyo, ali chitsinzinire, anamufotokozera za bambo ake. Mayiyo analeka nthabwala. Analumikiza masipika mtundu ndi mtundu, osamuuza dzina kapena mtengo wake, ndipo iye ankangomvetsera. Asanu aja pamodzi ndi chisipika chawo, mawu akatsitsidwa ankamveka ngati phokoso la msika wakutali, ndipo akakwezedwa ankagwedeza mawindo. Ena ankapyoza khutu. Pomaliza mayiyo analumikiza sipika imodzi yokha, yaitali ngati mpini wa khasu, yopanda timagetsi tophethira kapena chokongoletsa chilichonse. Mawu anatuluka limodzilimodzi, lililonse pamalo pake. Munthuyo anamva kuti wolankhula woyamba ndi wokalamba, kuti wachiwiri akumwetulira, ndiponso kuti wachitatu wakwiya koma akubisa.

Anatsegula maso nafunsa mtengo. Mayiyo anamuuza mosabisa kuti akatenga sipikayo, ndalama zotsala zingogula kanema wamng'ono, wosasiyana kwenikweni ndi wakale uja. Zonse ziwiri, chithunzi chachikulu ndi mawu abwino, thumba lake silingakwanitse. Munthuyo anayang'ananso kanema wamkulu uja nthawi yaitali, pakuti ankamufunadi. Kenako anagula sipikayo ndi kanema wamng'onoyo.

Kunyumba sanamulandire ndi nthungululu. Mnyamata wamng'ono anafuna kudziwa ngati kanema weniweni akubwera pambuyo. Nthambi anati galasi la kubafa n'lalikulu kuposa chinthu chimenechi. Mkazi wake anamukokera kukhitchini, namufunsa motsitsa mawu ngati amubera panjira. Iye anangopempha kuti amupatse tsiku limodzi.

Mawa lake linali Lamulungu. Atabwera kutchalitchi n'kudya, munthuyo anakankhira mpando wake, umene unali pakati penipeni pa balaza, kuti uyang'anizane ndi sipika. Kenako analowa m'chipinda cha bambo ake. Anapeza chikwama chawo chili chomanga kale pafupi ndi bedi. Za ulendo sanatchulepo. Anagwada pafupi nawo, nati: "Bambo, ndagula chinthu, koma ndikukayika kuti mwina andinamiza. Ife maso amatisokoneza. Bwerani mudzandimverere."

Agogowo anati iwo sadziwa za makina a masiku ano. Komabe munthu wopemphedwa nzeru sakana msanga, choncho anaimirira, nalola kugwiridwa dzanja kufikira pampando uja.

Pakanema panali sewero la mkangano wa munda: malume wina anali atagulitsa munda wa ana amasiye, ndipo abale anamuitanitsa kuti afotokoze. Agogowo anakhala tsonga, mutu utapendekera kumodzi. Mwana wawo anayamba kuopa kuti ndalama zapita pachabe. Ndiye m'sewero muja mayi wina anaponya mawu achipongwe motsitsa, ndipo agogowo anaseka. Anaseka aliyense asanayambe kuseka. Ana anatembenuka kuwayang'ana.

Malume uja atayamba kudziteteza, agogowo anati munthuyu akunama; akumeza malovu asanatchule chilichonse chokhudza malire a munda. Nthambi anayang'anitsitsa, ndipo anavomereza kuti n'zoona, chifukwa maso a malumeyo ali pansi ndipo chipewa akuchipotokola m'manja. Agogowo anafunsa mtundu wa chipewacho. Mtsikanayo anawauza, nasendera pafupi ndi mpando wawo. Kuyambira pamenepo iye ankanena zimene akuona, iwo ankanena zimene akumva, ndipo ankatsutsana ngati anthu a msinkhu umodzi. Mkazi wa munthu uja anaima pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja, nayang'ana mwamuna wake, ndipo sanadandaulenso za kanema wamng'onoyo.

Sewerolo linathera pakati, mlandu usanagamulidwe. Agogowo anafunsa kuti lipitirira liti. Nthambi anayankha kuti Lamulungu likudzali. Aliyense pabalazapo ankadziwa kuti Loweruka limayamba kufika Lamulungu lisanafike. Agogowo anasisita bondo lawo kanthawi.

"Basi ya Loweruka ipite yokha," anatero. "Sindingachoke ana amasiyewa asanabwezeredwe munda wawo."

Sanapite Loweruka limenelo, kapena Loweruka lina lililonse. Anzake a munthu uja anabweradi kudzaonera mpira, ndipo anamuseka monga ankayembekezera. Wina anafunsa ngati pakhomopa pali magalasi obwereka, kuti aone nawo osewera. Munthuyo anaseka nawo limodzi. Manyazi anawamva, koma anapeza kuti sapha munthu.

Tsono inu amene mukumva fanizoli, ndalama zanu zili ndi malire, nthawi yanu ili ndi malire, ndipo simudzakwanitsa kugula zonse. Nthawi zambiri timagulira mlendo amene adzakhale nafe maola awiri, n'kuiwala munthu wa m'nyumba mwathu momwe amene waleka kufunsa. Kukhala chete kwake timakutcha mtendere. Timati wadya, wamwa mankhwala, akufunanso chiyani? Ena a ife, ndi masatifiketi athu onse, tinazindikira zimenezi chikwama chitanyamulidwa kale, ndipo palibe sitolo imene imagulitsa masiku amene tinataya. Koma inu wanuyo akadali kuseri kwa khoma, akukumvani mukuseka. Musanatulutse envulopu, khalani pansi, tsinzinani, mumve dziko monga iye akulimvera. Mukatero sankhani, ndipo mukamugwire dzanja lero lomwe.