Chitseko Chobiriwira cha Damiano

Zaka zimene thonje lidayamba kutukula anthu a kuchigwa, njanji itafika kale pa Chiromo, kudali munthu wina dzina lake Damiano Nyamizinga amene adali ndi ngolo ndi abulu awiri. Ntchito yake idali yotuta thonje kuchokera kumsika kupita nalo kusiteshoni. Anzake onse ankasenza pamutu, iye ali khale pangolo, chipewa chitapendekeka, nkumapatsa anthu moni ndi chikwapu. Bulu wamkazi adamutcha Dona, wamphongo Sitima. Ankawakonda kwambiri moti mkazi wake Filomena ankati abuluwo akadakhala odya m'mbale, bwenzi madzi osamba m'manja akuyambira kwa iwo.

Chifukwa cha afisi, Damiano adamangira abulu ndi ngoloyo shedi ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata. Chitseko chake adapanga ndi malume ake, a Petro, wosema mabwato, amene adamulera mayi ake atamwalira iye akadali wamng'ono. Chidali chitseko chachikulu cha bango wolukidwa mothinana pa mitengo ya tsanya, chokolekedwa pamphuthu ndi malamba a chikopa cha mvuu. Pansi pake padali mpata wolowa dzanja. Kutseka kwake kudali kwa mpiringidzo, ndipo munthu wamkulu aliyense akadatha kuchinyamula nkuchiika pambali. Chaka ndi chaka, mvula isadayambe, a Petro ankabwera ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi kudzadzoza malambawo ndi kusintha bango wothyoka. Palibe ankawatuma. Tinene zoona, chitsekocho sichidali chokongola, koma kwa zaka zisanu fisi sadalawepo kanthu m'shedimo.

Chidaononga zinthu ndi pakamwa pa kalaliki wina wa kumsika wa thonje. Tsiku lina atabwera kudzapangana za ulendo, adayang'ana shediyo nkuseka chikhakhali.

"A Nyamizinga, nyumba ya njerwa chonchi, chitseko cha khola la nkhuku? Ndimayesa ndinu bwana."

Anthu amene adali pomwepo adaseka nawo. Damiano adasekanso, koma kuseka kwa mano okha. Mawuwo adamulowa ngati munga wa kuphazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo akayang'ana chitseko cha malume ake ankangoona khola la nkhuku.

Nthawi imeneyo pasiteshoni padali mmisiri wa matabwa wochokera kumtunda, dzina lake Augustino, amene adabwera kudzakonza nyumba zosungiramo katundu. Adali mmisiri weniweni, koma chigwa sankachidziwa. Damiano adamuuza kuti akufuna chitseko chonga cha kusiteshoni: zigawo ziwiri zokumana pakati, matabwa ophatikiza, zitsulo zopingasa, mahinjesi akuluakulu, loko, ndiponso chotsekukira kunja kuti chikatseguka anthu a pamsewu azichiona. Matabwa adawapeza ku mabokosi a katundu wa njanji, oyera ndi ofewa. Pansi adaikapo simenti kuti chitseko chizikhala gwa, osasiya ngakhale polowa nyerere.

Tsiku lochikoleka anthu adasonkhana ngati pali ukwati. A Petro nawo adafika, nsompho ili paphewa, akuchokera kudooko. Adachizungulira chitsekocho, nachigogoda ndi chala, nawerama kuyang'ana pansi pake.

"Ntchito yabwino, amisiri," adatero kwa Augustino. Kenaka adatembenukira kwa Damiano. "Koma mphwanga, pansipa usiyepo zala zinayi, ndi pakatipa chala chimodzi. Mtengo uwu ndi wakumwa madzi, udzafufuma. Ndipo kuno chitseko sichitsekukira kunja. Madzi akabwera amafuna polowera. Ukawakaniza, amakhala pakhomo pako nkuchitsamira."

Augustino adayamba kugwedeza mutu ngati wovomera, koma Damiano adaona kalaliki uja ataima pakati pa anthu.

"Malume, izi si za mabwato," adayankha mokweza. "Inu mumadziwa nsompho, awa ali ndi zoyezera, sikweya ndi levulo. Za bango zidatha ndi makolo. Tisiyeni ifenso tioneke ngati anthu."

Kumeneku kudali kulakwa, ndipo aliyense adadziwa. Munthu amene adakudyetsa uli wamasiye sumuyankha chotero, makamaka pagulu. A Petro sadakweze mawu. Adapita kuseri kumene chitseko chakale chidatayidwa, nachisasa fumbi, nachisenza pamutu.

"Changachi nditenge, chingakuchititse manyazi," adatero, nkumapita osacheuka.

Damiano adapaka chitseko chatsopanocho penti wobiriwira. Kunena zoona chidakongola. Anthu ochokera ku Makhanga ankapatuka dala kudzachiona, ndipo mwini wake adaphunzira kutsegula loko pang'onopang'ono ngati pali womuyang'ana. Augustino adatsiriza ntchito yake pasiteshoni nakwera sitima kubwerera kwawo. Chaka chimenecho kabotolo ka mafuta a nsatsi sikadafike pakhomopo.

Mvula itayamba, matabwa adayamba kumwa chinyezi. Poyamba chitseko chinkangolira potsegula. Pofika mwezi wa Januwale chinkafuna phewa potseka, ndipo potsegula ankachita kukoka anthu awiri. Filomena adatopa nazo.

"Bambo a Estere, pitani kwa malume akachipale pang'ono. Chitseko chanji chomenyana nacho ngati mdani?"

"Ndikapite kwa malume kuti akandiseke?"

"Malume saseka munthu. Amene amaseka ndi kalaliki wanuyo, ndipo sindidamuonepo akubwera kudzakukokerani."

Damiano adati dzuwa likawala chiphwa chokha. Mawu a mkazi wake adalowera khutu ili nkutulukira linali.

Alendo amaganiza kuti madzi osefukira amabwera ndi mvula ya pamudzi pomwepo. Anthu a ku Chiromo amadziwa kuti Ruo, mtsinje wa kwawoko, amatenga madzi ake kumapiri, kutali, ndipo akhoza kukupeza kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Lamulungu lina la mwezi wa Febuluwale kudacha bwino, dzuwa lili phwee. Damiano adatsekera Dona ndi Sitima m'shedi, nakankha chitseko ndi phewa mpaka chidalowa, naika kiyi m'thumba la jekete, banja lonse nkupita kutchalitchi chimene chidali pamtunda. Mapemphero ali pakati, mayi wina adafika pakhomo la tchalitchi akupuma mwawefuwefu, nsalu ili yonyowa mpaka m'chiuno.

"Ruo walowa m'mudzi."

Pamene Damiano ankafika kwake, madzi adali m'mawondo. Loko adatsegula bwinobwino, koma chitseko sichidasunthe. Adakoka, nakoka, mpaka zala zidatuluka magazi. Amuna anayi adamangirira chingwe pachogwirira nakoka pamodzi, chogwiriracho nkuzuka, iwo nkugwera m'madzi chagada. Matabwa ofufuma aja adali atalumana pakati, ndipo kunja mtsinje wonse udali utatsamira chitseko, monga momwe a Petro adanenera. M'kati abulu ankalira ndi kumenya ngolo ndi ziboda. Madzi adafika m'ntchafu, kenaka m'chiuno. Anthu aja adayamba kuchoka mmodzimmodzi, poti aliyense adali ndi ana ake ndi nkhokwe yake.

Damiano adatsala yekha, chipumi chili pachitseko chobiriwiracho, akuitana abulu ake mayina. Adalira ngati mwana. Ankadziwa kuti madzi akapitiriza kukwera, khoma lidzagwera nyamazo kapena zidzamira zili chitsekeredwe, ndipo wozipha adzakhala iye mwini.

Filomena sadapemphe chilolezo kwa munthu. Atasiya ana pachitunda cha njanji, adaima pamenepo nkumakuwira bwato lililonse lodutsa mpaka adaona la a Petro, amene kuyambira m'mawa ankaolotsa anthu. Posakhalitsa bwatolo lidatulukira pakati pa nyumba, mkuluyo ali kumbuyo ndi nkhafi, nsompho ili pamapazi ake.

Sadamufunse Damiano chilichonse. Adaimika bwato mopingasa pachitseko, naika khutu pathabwa, nagogoda pamwamba ndi pansi.

"M'katimu madzi ali m'munsi," adatero. "Gwira bwatoli lisayende."

Adakweza nsompho natema thabwa la pakati, pamene zigawo ziwirizo zidalumana. Zipalapala zobiriwira zidayamba kuyandama. Damiano atazindikira chimene chinkachitika, adawagwira mkono.

"Malume, mukatero madzi onsewa alowa. Muwamiza."

"Nkhabe, samira. Alowe kumene. Chotsa dzanja."

"Malume, chonde."

"Iwe, ndakhala pamadzi awa usadabadwe. Madzi sulimbana nawo, umawapatsa njira. A m'kati akalingana ndi a kunja, chitseko chikhala chopanda wochikankha. Bulu ndi wamtali kuposa mantha akowo. Gwira bwato."

Damiano adagwira bwato. A Petro adatema ndi dzanja lomwe lidasema mabwato a theka la mudziwo, mosathamanga, nsompho ikugwera malo amodzimodzi. Atafika pa zitsulo zopingasa adalowetsa nsomphoyo kumbuyo kwa thabwa nkulikanula. Thabwa lidathyoka, madzi nkukhamukira m'kati ndi mkokomo. Abulu adalira koopsa, ndipo Damiano adatseka maso. Mkuluyo adangokhala m'bwato, akuyang'ana pamene madzi ankalowera, ngati munthu wodikira mphika kuti uwire. Mkokomo udayamba kuchepa, kenaka madzi a pampatapo adangoti bata.

"Koka tsopano."

Damiano adalowetsa dzanja pampatapo nakoka. Chitseko chimene chidakanika amuna anayi chidatseguka pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi. Dona ndi Sitima adali ataima pakona, madzi ali pachifuwa, mitu ili m'mwamba, akunjenjemera koma amoyo. A Petro adawamanga zingwe m'khosi, napatsa mphwawoyo kuti agwire ali m'bwato, ndipo adapalasa mpaka kuchitunda cha njanji, abulu akusambira pambuyo. Anthu amene adali pamenepo adaimirira, amayi nkuyamba nthungululu. Damiano adatsegula pakamwa kuti alankhule, koma malume ake adali atatembenuza kale bwato, poti kudali anthu ena pamadenga.

Madzi adaphwa patapita masiku asanu ndi limodzi, nasiya matope ofika m'mawondo. Chitseko chobiriwira chidapindika ngati chikopa chouma padzuwa, hinjesi imodzi itazuka. Filomena adati matabwawo angathandize pa khola la nkhuku, ndipo sadaseke ponena zimenezi.

M'mawa mwake Damiano adavula jekete ndi chipewa, napita wapansi kwa malume ake. Adawapeza pansi pa mtondo akusema. Adakhala pansi, osati pampando, nawomba m'manja.

"Malume, ndidakulakwirani pamaso pa anthu. Ndabwera kudzapepesa, ndiponso kudzapempha chitseko chija ngati chikadalipo."

A Petro adaloza ndi nsompho kutsindwi la khonde lawo. Chitseko cha bango chidali pomwepo, chomangiriridwa m'mwamba mosafika madzi. Damiano atachitsitsa adaona kuti bango wothyoka adasinthidwa, ndipo malamba a chikopa adali ofewa, akunyezimira mafuta a nsatsi. Chaka chimene iye ankawanyoza, mkuluyo adachidzoza ngati kale, mvula isadayambe. Apa mpamene manyazi adamugwira kwenikweni, kuposa tsiku la madzi lija.

"Nditume anthu adzachinyamule?" adafunsa a Petro.

"Iyayi. Mudachisenza nokha pochoka, ndichisenza ndekha pobwerera."

Padali njira yachidule yodzera m'minda, koma Damiano adadzera kumsika, dzuwa lili pamutu, anthu ali pikitipikiti. Adayenda chitseko chili pamutu, malume ake ali patsogolo ndi nsompho paphewa. Kalaliki uja adali pakhonde la sikelo, ndipo atawaona adayamba kumwetulira. Damiano adaima patsogolo pake.

"Akalaliki, mwachiona chitsekochi? Adapanga ndi malume anga awa, a Petro, amene adandilera. Ngati pali china choti munene, nenani ali pompano."

Kalalikiyo adapeza chochita m'mapepala ake.

Madzulo a tsikulo chitseko cha bango chidabwerera pamphuthu zake, mpata wa zala zinayi uli pansi. Damiano adagumula yekha simenti ija ndi nyundo. Chidakhala pamenepo zaka zambiri, ndipo madzi atabweranso, Filomena adachinyamula ndi mnansi wake nkutulutsa abulu mwamuna wake asadafike nkomwe. Mlendo akafunsa chifukwa chake nyumba ya njerwa ili ndi chitseko chotere, Damiano ankachisisita ngati akusisita Dona, nkuyankha monyadira kuti ncha malume ake. Adaphunzira madzi ali m'chiuno chimene akuluakulu adanena kalekale, kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.