Munda wa Mbumba Pafupi ndi Sitesheni

Panali munthu wina dzina lake Kamtedza, amene ankakhala m'chigwa china masiku amene njanji inali kungofika kumene m'dziko muno. Munthu ameneyu, abale anga, sankakhulupirira aliyense. Mukamupatsa moni, ankayamba wayang'ana m'manja mwanu. Mukamupatsa chikho cha thobwa, ankati, "Yambani ndinu." Ndipo ankanyadira khalidwe lakelo. Pa bwalo ankadziguguda pachifuwa nkumati, "Ine wondipusitsa sanabadwe."

Amayi ake atamwalira, iye ndiye anakhala mwini mbumba. Panali munda waukulu wa makolo, wa dothi lakuda, loti ukaponda chala chimalowa chokha. Mundawo sunali wake ayi, inu mukuudziwa mwambo wathu. Iye ankadya tsidya lina la mtsinje, kuchikamwini. Munda unali wa mlongo wake Nachanza ndi ana ake. Ndiwo ankalima pamenepo, ndiwo ankadya pamenepo. Kamtedza ntchito yake inali kuusunga, ndi kuuyankhulira pakabwera mlendo.

Tsono azungu anasankha kuti sitima iziima m'chigwa momwemo kuti izimwa madzi. Anamanga thanki, anamanga kanyumba ka sitesheni, ndipo malo amene dzulo kunkalira nkhwali anayamba kusiririka. Mzungu wina wa kampani anadzika hema pafupi, nayamba kuyendayenda ndi chipewa chake, kuyang'ana minda ya anthu ngati mmene munthu amayang'anira mbuzi pa msika. Anali ndi kapitawo wake, Yonasi, mwana wa m'dera lomwelo amene anaphunzira chizungu ku mishoni.

Tsiku lina Yonasi anabwera kwa Kamtedza, nakhala pansi mwaulemu, nati, "Bambo, bwana akufuna munda uja wayang'anana ndi sitesheni. Apereka nsalu, mchere, makasu ndi mabulangeti."

Kamtedza anatsinzina diso limodzi. "Nanga iwe akupatsa chiyani pa kundinyenga ine?"

Yonasi anaseka. "Ine ndangotumidwa, bambo."

"Wotumidwa amanyambita chala panjira. Kawauze abweretse katunduyo ndimuone ndi maso angawa."

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Kwathu kuno, kale lonse, nthaka sinkagulitsidwa ngati mbuzi. Mlendo akafuna polima ankabwera ndi nkhuku, eni ake nkumulozera kuti lima kuyambira pa chulu icho mpaka pa mkuyu uwo. Ankalima, ankakolola, mwina mpaka kukalamba. Koma tsiku limene wasamuka, malo ankabwerera kwa eni. Nkhuku ija sinali mtengo wa munda, inali zikomo chabe. Kamtedza anabadwira m'mwambo umenewu, ndipo mutu wake sunkadziwa kuti pansi pano pali kupereka malo kwa mtundu wina.

Ndiye mumtima mwake ankaseka. Ankati, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Azungu awa udzudzu ukuwamaliza. Mawa lino apasula hema nkumapita kwawo, munda ubwerera, nsalu ndavala kale. Wopusa ndani pamenepa?"

Nachanza atamva, anawoloka mtsinje mwana ali kumbuyo, nagwada poteropo.

"Achimwene, ndamva kuti mukupereka munda. Kodi mwawafunsa kuti adzabweza liti?"

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Koma anthu ochokera kumunsi akuti kumene kwadutsa njanji, malo akapita apita."

"Ndadziwa, ndi mwamuna wako. Akufuna nsalu zigwere m'manja mwake. Kamuuze kuti mkamwini salowerera za eni mudzi."

"Achimwene, ine za nsalu ndilibe nazo kanthu. Ndikunena za pamene adye ana."

"Chaka chimodzi chokha ukalime kudimba. Ine ndikudziwa chimene ndikuchita."

Mayi uja anadzuka, nakonza mwana kumbuyo, nabwerera kwawo.

Katundu anabwera. Ha, mukanaona mmene Kamtedza anamufufuzira! Nsalu anaifunyulula yonse pabwalo, naiyeza ndi mikono yake, mkwamba ndi mkwamba, kenaka naikweza kudzuwa kuti aone ngati njenjete zinalawako. Mchere anapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, natapa wa pansiwo nkulawa, kuopa kuti athiramo mchenga. Makasu anawagogoda pamwala limodzilimodzi, khutu lili tcheru. Lina linalira mogonthera, ndipo anakuwa kuti, "Mwaona! Mumati sindizindikira?" Analibweza, Yonasi namupatsa lina. Mabulangeti anachita kuwanunkhiza, kuti mwina anafundapo maliro. Dzuwa linapendeka munthu akadali pa ntchito imeneyi, mzungu atakhala pa kampando kake, akungopukuta thukuta.

Yonasi mtima unamupweteka, pakuti naye anayamwa bere la m'dera lomwelo. Anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Bambo, mwamvetsa koma? Uku si kubwereka ayi. Kwa azungu, ukalandira katundu, malo apita mpaka kalekale. Ngakhale adzukulu anu sadzapondapo."

Kamtedza anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ehe! Tsopano waonekera. Ukufuna ndichite mantha ndikane, kuti katunduyu ukamutulire kwa amalume ako, nawo ali ndi munda kuseri kwa thanki. Ndakugwira, mwana iwe!"

"Ine ndanena, bambo."

"Wanena, ndamva. Khomani zikhomo zanuzo."

Anakhoma zikhomo m'ngodya zonse za munda, nazipaka njereza. Kamtedza anasenzetsa anthu katundu, nayenda patsogolo ngati wapha njovu.

Ndipo taonani, zimene ananena zija zinachitikadi. Dzinja lisanathe mzungu uja anadwala malungo, anamunyamula pa machira mpaka pa sitesheni, hema anapasula, napita osabweranso. Kamtedza atamva anavina. Anaitana mlongo wake nati, "Nachanza, tenga khasu! Ndinanena chiyani ine? Mame akamuka. Tiye ukaone munda wako."

Anapita awiriwo, iye patsogolo, mlongo pambuyo. Atafika anapeza zikhomo zachuluka. Poyamba zinali m'ngodya mokha, tsopano zinali mizeremizere munda wonse, zingwe zitamangidwa, nthaka itadulidwa nthulinthuli ngati nyama ya pa ukwati. Apa anthu akukumba maziko. Apo ena akupala matabwa. Pakati penipeni, pamene Nachanza ankapunthira mapira, panali mmwenye ataimirira, akuloza pomanga sitolo.

Kamtedza anagwira chikhomo chimodzi kuti azule. Mlonda anathamanga ndi chibonga. "Iwe mdala, siya icho! Ukufuna kukagona kundende?"

"Mlendo wanga wapita. Ndabwera kudzatenga munda wathu."

"Munda wanu uti? Bwana uja anagulitsa zonse asanadwale. Apa ndi pa amwenye awa, apo ndi pa kalipentala, uko agula a kampani ina."

"Agulitsa bwanji chinthu chimene ndinangomubwereka?"

Anthu okumba maziko anaimika makasu nayamba kuseka. Wina anati, "Kodi si bambo aja osapusitsika?"

Mmwenye uja anafunsa chimene chikuchitika. Atamuuza, anapukusa mutu, chifukwa iye sanabe kanthu, anagula moyenera kwa amene anamugulitsa. Ndipo mwachifundo ndithu anati, "Uzani bamboyo, ngati akufuna ntchito abwere mawa. Dothi la pano ndi labwino, tikuumba njerwa."

Kamtedza anatembenukira kwa mlongo wake. Nachanza sanalire, sanatukwane. Anangotsitsa khasu paphewa nati, "Achimwene, ana akadzandifunsa kuti kwathu nkuti, ndidzawalozere sitolo iti?"

Kudimba kunali kochepa, sikukanadyetsa banja. Chaka chomwecho Nachanza anamanga mitolo, natenga ana ake, napita ku esiteti ya mzungu wina kukagwira thangata kuti apatsidwe pogona. Ndipo Kamtedza, njala itamupana, anapitadi kukaponda dothi la amayi ake ndi mapazi, kuumba njerwa za nyumba ya munthu wina.

Abale ndi alongo, fanizo ili likunena za ine ndi inu. Taonani, palibe amene anamunamiza munthu uyu. Nsalu inali yokwana, mchere unali weniweni. Maso ake onse anali pa chimene akulandira, sanayang'ane ngakhale kamodzi chimene akupereka. Ife timatero ndithu. Tchimo likabwera timalifufuza mochenjera: kodi ndipindula zingati, kodi wina andiona, kodi mnzangayu sandidyera? Koma funso lija la Nachanza, lakuti adzabweza liti, sitifunsa. Timati ndingobwereketsa mtima wanga chaka chino chokha, zikayenda bwino ndidzautenga ndibwerere kwa Mulungu. Mdyerekezi sabwereka, abale anga, amagula. Ndipo akagula sasunga malo amodzi. Amadula nthulinthuli: apa pa mowa, apa pa bodza, apo pa chigololo, mpaka mwini wake umafika nkupeza ulibe poponda.

Komanso moyo uli mwa inuwo si wanu. Munangopatsidwa kuti muusunge, ndipo pali ana amene akudya pamenepo.

Choncho Mulungu akakutumizirani munthu wokutsinani khutu, kaya ndi mlongo wanu, kaya ndi mwana wamng'ono kwa inu, musathamangire kufunsa kuti wamutuma ndani. Kukayika kwanuko kusungireni iye amene wabwera ndi katundu wokoma. Mufunseni musanalandire, zikhomo zisanakhomedwe: kodi ukufuna nditaye chiyani?