Masamba Amene Sekerani Anaika Pamsewu

Panali mnyamata wina, dzina lake Sekerani, amene ankaphunzira zojambula makanema pa koleji ina m'tauni. Nzeru anali nazo, zimenezo tisamunamizire. Koma anali ndi nthenda imodzi: aliyense womuyandikira ankamuona ngati wakuba. Mnzake akamufunsa kuti wadzuka bwanji, iye ankayamba wadzifunsa kuti munthuyu akufuna chiyani. Wina akamuyamikira, ankati ameneyo ali ndi kampeni kumphasa. Ngakhale laputopu yake ankaitsegula atatsamira khoma, kuti kumbuyo kwake kusadutse munthu.

Chakumapeto kwa chaka mphunzitsi anapereka ntchito ya mayeso. Ophunzira akhale awiriawiri, akonze chiyambi cha filimu. Osati filimu yonse, koma kagawo koyamba kokha, kaja kamene kamagwira munthu kuti asadzuke pampando. Anawauzanso kayendetsedwe kake. Ayambe akhala pansi n'kugwirizana nkhani, aijambule papepala chithunzi ndi chithunzi, akaone malo, akapemphe chilolezo kwa eni malowo, ndipo kamera ibwere pomaliza. Chiyambi chopambana chinali choti chidzapite ku chionetsero chachikulu, kumene kumabwera anthu olemba ntchito.

Mphunzitsi anaphatikiza Sekerani ndi mtsikana wina, Nthanda, amene ankakhala kwa azakhali ake mulokeshoni ina kuseri kwa msika. Nthanda anali womasuka, wosadziwa kusunga mawu kukhosi. Kwa Sekerani chimenecho chinali chizindikiro choipa, chifukwa munthu wolankhulalankhula amataya zake ndi za anzake zomwe.

Nzeru ya filimuyo inamupeza ali mu minibasi. Dalaivala anatsitsa wailesi mwadzidzidzi n'kuchepetsa liwiro. Kondakitala anasiya kukuwa. Patsogolo panali masamba aawisi atawandandalika modula msewu. Palibe anafunsa kanthu, pakuti ndani sadziwa kuti masamba pamsewu ndi maliro? Sekerani anaona kuti chiyambi chake wachipeza. Dzanja likuika masamba, wanjinga akutsika, bambo akuvula chipewa. Popanda mawu ngakhale amodzi, woonera adziwe kuti pakhomo apa pagwa zovuta.

Inali nzeru yabwino, ndipo kukoma kwakeko n'kumene kunamuwonjezera mantha. Papepala sanaijambule, ati pepala limagwa m'thumba. Nthanda akamufunsa kuti tikupanga chiyani, ankangoti, "Udzaona." Ntchito imene anam'patsa inali yosainira kamera ya kukoleji ndi kumuyendetsa mulokeshoni kuti aone misewu. Anayenda mpaka anafika pakamsewu kena kafumbi, kabata, pamene panali geti yamalata yobiriwira ndi mpanda wamaluwa moyang'anizana nayo. Sekerani anaona mmene dzuwa la m'mawa lingagwere pageti ija ndipo mtima wake unakhazikika, koma nkhope anaiumitsa kuti Nthanda asazindikire. Chinthu chimodzi chokha chinamupulumuka pakamwa pobwerera.

"Kwanu kuno masamba a maliro amaika mbali zonse ziwiri za nyumba?"

"Eya, mbali zonse. Wafunsiranji?"

"Ndangofunsa."

Za chilolezo anaziganizira, n'kuzitaya. Mwini nyumba amakhala ndi ana, ana amakhala ndi anzawo, ndipo anzawo ena mwina amaphunzira pa koleji pomwepo. Choncho pageti paja sanagogode, ndipo sanadziwe kuti m'nyumbamo mumakhala ndani.

Loweruka kutangoyera, anapita yekha. Anaimika kamera kuseri kwa mpanda wamaluwa, n'kuitsegula. Anathyola nthambi, analowa yekha pachithunzi, anaika masamba kumtunda kwa geti ndi kumunsi kwake, kenako n'kubwerera kukabisala. Sipanapite nthawi, kunatulukira wakabaza. Ataona masamba anatsika panjinga, anavula kapusi, n'kudutsa akukankha njinga mwaulemu. Pambuyo pake mayi wina wosenza beseni anaima, anagwira pakamwa, n'kubwerera kumene ankachokera akufulumira. Sekerani anakondwa kwambiri. Anthu osaphunzitsidwa, osalipidwa, akusewera bwino kuposa a pa wailesi yakanema.

Ali mkati mokondwa, anaona mnyamata akubwera chapatali, foni ili m'manja. Kayendedwe kake kanafanana ndi ka wina wa m'kalasi mwawo. Ameneyo anali munthu wongodzipitira kuntchito, koma Sekerani analibe nthawi yoonetsetsa. Anapinda miyendo ya kamera, anaponya zonse m'chikwama, n'kudzera kanjira kakumbuyo. Masamba anawasiya pamsewu.

Lolemba Nthanda anamukokera pambali, nkhope ili yakugwa. Anamuuza kuti m'nyumba ya geti yobiriwira ija muli bambo Chimtengo, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo akhala chigonere nthawi yaitali. Wowasamala ndi mkazi wawo, a Nagama, amene anawakwatira mkazi woyamba atamwalira. Loweruka lija amayi a mulokeshoni anamva kuti pali masamba, ndipo pakuti onse ankadziwa za matendawo, sanafunse. Anamanga zitenje n'kulowa pageti akulira. Bambo Chimtengo anali maso. Anamva anthu akuwalira, akutchula dzina lawo, iwo akupuma.

Zitadziwika kuti palibe wamwalira, funso linatsala limodzi: waika masamba ndani? Mchemwali wa bamboyo, amene chiyambire sanam'konde mlamu wakeyo, sanachedwe kuloza chala. Anati wofulumira ndi nyumbayi ndi mmodzi, ndipo ndi yemweyo amene amadzuka m'mamawa kukasesa kunja kwa geti. Anati kuika masamba munthu ali moyo n'kuitana imfa, ndipo woitana imfa dzina lake timalidziwa tonse.

"Ndikudziwa kuti ndiwe," anatero Nthanda. "Unandifunsa za masamba, ndipo kamera inali ndi iwe. Achibale a bambo Chimtengo ndawauza kale, koma akuti ndatumidwa ndi a Nagama poti timatungira limodzi madzi. Akufuna aone ndi maso. Tiye ukawaonetse zimene unajambula, nkhope yako iyenera kuti ilipo."

Mantha enieni anamugwira Sekerani. Koma nthenda ija inafulumira kumupatsa mankhwala ake. Anaiyang'ana nkhaniyo n'kuona kuti ndi yokonzeka bwino kwambiri: wodwala, mkazi wosalakwa, mlamu wankhanza. Nkhani yotere angaipeke ndani, kupatula wophunzira za mafilimu? Ndipo mapeto ake n'chiyani? Kuti iye atsegule laputopu pamaso pa anthu.

"Ndikaonetse ndani?" anafunsa. "Lokeshoni yonse, iwenso uli pomwepo ndi foni yako?"

"Ine ndibe bwanji ntchito imene pali dzina langa lomwe?"

Funso linali lomveka, koma Sekerani analimva ngati la munthu amene anakonzekeratu mayankho.

"Tikaonetsa m'kalasi ndidzapita," anatero.

"A Nagama awauza kuti alongedze. Bambo aja sadya m'manja mwa munthu wina."

"Ine si dokotala."

Akanatha kupita yekha kukaona ngati zinali zoona. Sanapite, ati akapita ndiye kuti wavomera kuti malo ake ndi amenewo. Kunena zoona, kukayikira kunali kokoma kuposa kudziwa, chifukwa kunkamulola kugona tulo. Anakhala pa laputopu yake akudula ndi kulumikiza zithunzi. Pamene pankaoneka nkhope yake anadulapo, n'kusiya dzanja lokha. Patapita masiku Nthanda anamuuza kuti a Nagama apita kumudzi kwawo ndi kachikwama kamodzi, ndipo bambo aja akukana phala, akuti chodyera n'chiyani munthu anamulira kale. Sekerani anagwedeza mutu, mumtima akuti mtsikanayu ndi katswiri, nkhani yake yafika pagawo lachiwiri.

Tsiku loonetsa linakwana. Chiyambi cha Sekerani chitayamba, kalasi yonse inakhala chete. Dzanja linaika masamba, wakabaza anatsika n'kuvula kapusi, mayi anagwira pakamwa. Zitatha anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Mphunzitsi anafunsa ngati eni nyumbayo anapemphedwa, Sekerani anati inde. Ntchito yake ndi imene inasankhidwa. Nthanda tsiku limenelo sanabwere, ndipo Sekerani anati ndi manyazi, poti msampha wake sunagwire kanthu.

M'mawa mwake anadzuka ali ndi mtima wopatsa. Tsopano panalibe choti munthu angabe. Anaganiza zopita kulokeshoni kuja, kuti ngati nkhani ija inali ndi kachoonadi pang'ono akaikonze. Anabereka chikwama cha laputopu, anavala chipewa chatsopano, n'kunyamuka akuimba mluzu.

Atakhota pakamsewu kaja, anaima. Pamsewu panali masamba aawisi, pamalo enieni pamene iye anaika ake.

Mutu unamutentha. "Andibera," anatero chamumtima. Anadziwa kale kuti zidzatero. Anathamangira kuseri kwa mpanda wamaluwa kuti akam'gwire wojambulayo, koma sanapezeko munthu. Anayang'ana m'mitengo, anayang'ana pamakonde a nyumba zoyandikana. Pageti panali abambo atakhala pamabenchi, mitu ili pansi, ndipo iye anadabwa kuti Nthanda anthu onsewa wawapeza bwanji. Anali akufunabe kamera pamene nyimbo ya amayi inamveka kuchokera m'nyumba, yotsika, yokoka, ya anthu amene achezera kulira.

Pageti panatuluka Nthanda, atamanga chitenje, ndowa ili m'manja. Anamuyang'ana Sekerani, anayang'ana chikwama chili kumsana kwake, n'kupitirira kumpopi.

Mkulu wina pabenchi anamukodola. "Achimwene, vulani chipewa. Simukuona masamba?"

Anavula. Anakhala pansi, kumapeto kwa benchi. Kumbuyo kwake amayi awiri osenza nkhuni ankanong'onezana. Mmodzi anati mfiti ija yakwanitsa zimene inkafuna. Mnzake anati achibale agwirizana kuti isaponde pamaliro pano, ngakhale kumanda. Sekerani anakumbatira chikwama chake. Umboni wonse, zithunzi zoyambirira zosadula, unali momwemo, pamaondo pake, koma munthu woyenera kuuona poyamba anali atagona m'bokosi. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linamuotcha pamutu, chipewa chili m'manja.

Tsono inu ophunzira amene mawa mukukasainira makamera, ndimvereni. Sindikunena kuti masamba ndi amene anapha bambo Chimtengo, matenda analipo kale. Koma anapita akudziwa kuti anawalira ali moyo, wowadyetsa atathamangitsidwa, ndipo mayi amene anawasambitsa nthawi yonseyo anatsala ndi dzina la ufiti. Zonsezi chifukwa mnyamata wina ankaopa kuberedwa nzeru imene panalibe ankaifuna. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadya ndi ena.

Nzeru yanu ikabedwa, mutu womwewo udzabala ina. Choncho muuzeni mnzanu zimene mukukonza, pakuti mwina iye akudziwa amene wagona kuseri kwa khoma limene inu mwangolikondera mtundu wa penti. Ndipo mukafika pamalo amene mwasankha, kamera iyambe yakhala m'chikwama. Gogodani pageti, mupereke moni, mufunse ngati m'nyumbamo adzuka bwino.