Kiyi Mmodzi wa Goodman

Goodman Kaliati ankakhala yekha kuseri kwa ofesi ya bungwe la alimi pa Chiringa. Mkazi wake adapita kwawo ku Mozambiki osabwereranso, ndipo chomwe chidamutsalira ndi ntchito. Anthu ankamupatsa moni chifukwa cha ntchitoyo basi, iyenso ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ankaifungatira ngati nkhuku pa mazira.

Mayina a alimi onse ndi kukula kwa minda yawo zinkasungidwa mu seva, kompyuta yaikulu yomwe bungweli linkachita lendi ku Blantyre. Pa Chiringa padali kompyuta ina yolumikiza anthu ndi sevayo. Mlimi akafunsa pafoni, iyo ndiyo inkakatenga yankho. Goodman adakonza zoti seva isalankhule ndi wina aliyense koma kompyuta yokhayo, ndipo zonse za m'katimo adazitseka ndi kiyi wachinsinsi wa zilembo ndi manambala. Kunena zoona, mpaka apa mwamunayo adaigwira ntchito. Koma kiyiyo adamusunga m'kompyuta ya muofesi yomweyo, kwina konse ayi.

Mayi Gertrude Makina, mlembi wa bungwelo, adamupeza tsiku lina akudya chinangwa pakhonde.

"A Kaliati, bwanji kiyi uja mumukopere pena? Tikamusungitse kwa apampando, mu envulopu yomata."

"Mayi, chinthu chikadziwika ndi awiri chadziwika ndi msika wonse."

"Nanga kompyutayi itafa?"

"Ifa bwanji ine ndili moyo? Inu zisiyeni izi, ndi zanga."

Mayiwo adangoti chabwino. Chomwe Goodman sadanene n'chakuti ankaopa. Ankaganiza kuti wina akangogwira kiyiyo, iye sadzafunikanso, ndipo moni uja adzatha.

Mvula yoyamba idagwa kutangotsala tsiku limodzi kuti alimi alandire mbewu. Idatsika m'phiri la Mulanje ndi ukali wake wonse, mphenzi n'kugwera pa mlongoti wa ofesi. Kompyuta ija idapsa mpaka m'kati. Goodman adabwereka ina, n'kuyesa kulumikiza, koma seva idamukana monga momwe iye mwini adailamulira. Adaimbira eni seva ku Blantyre.

"Zinthu zanu zilipo, bambo," adamuyankha. "Koma popanda kiyi, ngakhale ife sitingaziwerenge. Simudasunge wina?"

Goodman adadula foni.

Kutacha, alimi adafika panjinga, ena wapansi kuchokera ku Nkhulambe, matumba opanda kanthu ali m'manja. Mbewu idali m'nkhokwe, koma panalibe wodziwa kuti wolembetsa ndani, ndipo woyenera zingati ndani. Bambo wina wachikulire adasuzumira pazenera.

"Mwana wanga, nthaka yanyowa. Tidzale chiyani, kompyuta?"

Palibe adaseka. Mayi Makina ndi apampando adayenda mudzi ndi mudzi kulembanso anthu, ndipo pomwe mbewu imafika m'manja mwa alimi, minda ya anzawo omwe sadali m'bungwe idali itabiriwira kale. Goodman adapempha kuti awaperekeze, koma mayiwo adati, "Inu pumulani, a Kaliati." Adalankhula mwaulemu, ndipo ulemuwo udamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Bungwe lidaitana katswiri wina kudzayamba zonse pachiyambi. Bungwelo silidamuthamangitse Goodman ndi mawu. Lidangoleka kumufunsa kanthu, mpaka Goodman yekha adamanga katundu wake. Tsiku lonyamuka adadutsa pamsika akukankha njinga. Anthu omwe kale ankamuitana patali adapeza choyang'ana kwina. Chisoni chidamugwira zedi, pozindikira kuti adadzitsekera kunja ndi manja ake, ndipo chomwe ankachiopa chija adachiitana yekha.

Akuluakulu sadaname: nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.