Sabuwufa ya Pakona ndi Apongozi Kuseri kwa Khoma

Panali munthu wina ku Chilomoni amene ankakonda nyimbo kuposa ndiwo. Tsiku lina anafika kunyumba atasenza makatoni. Munali masipika ang'onoang'ono okoloweka uku ndi uku, ndi chibokosi chakuda cholemera, chija amati sabuwufa, chimene ntchito yake ndi kugunda besi, mawu okhuthala aja a nyimbo. Ang'onoang'onowo anawapachika mosavuta. Chibokosicho chinasowa malo, ndipo anachikankhira pakona, chogundana ndi khoma, poti ndi pamene sichikanapunthwitsa munthu.

Atakhala pampando wake pakati pa balaza, mawu a oimba anamveka bwino lomwe, koma besi inali ngati ikuchokera kutsidya kwa mtsinje. Anadzuka, nawonjezera mphamvu, nakhalanso pansi. Sizinasinthe kwenikweni. Anawonjezeranso mpaka kabatani kanafika pothera. Iye sankadziwa khalidwe la mawu okhuthalawa. Sayenda molunjika ngati anzawo. Amaunjikana m'makona, amadutsa khoma ngati palibe, ndipo pakati pa chipinda nthawi zina amangozimirira. Mpando wake unali pamalo oterowo.

Kuseri kwa khoma limenelo kunali chipinda cha alendo. Mmenemo munkagona apongozi ake, mayi a mkazi wake, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu akudwala mtima. Adokotala anali atanena kuti asabwerere kumudzi chithandizo chisanathe, ndi kuti mankhwala aakulu kwa iwo ndi kupumula.

Munthuyu sanali wouma mtima, ayi. Apongozi akewo ankawalemekeza ndi ulemu wa kwathu uja. M'chipinda chawo sankapondamo, mbale imodzi sankadya nawo, moni ankapereka atagwada chapatali, maso ali pansi, ndipo mawu ena onse ankadzera mwa mkazi wake. Atamva kuti mayiwo amakonda nyimbo za kwaya, anati mumtima mwake, "Poti sindingacheze nawo, ndiziwaikira nyimbo." Ndiye mmawa asanapite kuntchito, madzulo akaweruka, Loweruka ndi Lamulungu tsiku lonse, kwaya inkaimba m'nyumbamo.

Mkazi wake anayesa kamodzi. "Bambo a Chifuniro, tatsitsaniko pang'ono."

"Nditsitse chiyani? Ine ndili pafupi pano sindikuimva bwino. Nanga amayi kuseriko aimva bwanji?"

Mkaziyo sanapitirize, pakuti mayi ake anali atamuletsa mwamphamvu kuti asachititse mwamuna wake manyazi m'nyumba mwake.

Mayi aja anayamba kuwonda. Maso analowa mkati. Kuchipatala anawonjezera mankhwala, koma osathandiza. Potsiriza mayiwo anauza mwana wawo kuti akufuna kubwerera kwawo, ati mbuzi zilibe woziyang'anira. Mkamwini anadandaula kwambiri, popeza ankadziwa kuti chithandizo chimene ankalandiracho kumudzi kulibe, ndipo kupita kunali kutaya moyo. Anatuma mkazi wake kuti akawapemphe apirire. Yankho linabwera lofatsa, koma losasunthika.

Tsiku la ulendo mkamwiniyo anaika nyimbo imene ankaganiza kuti mayiwo amaikonda koposa, yoti atsanzikane nayo. Mayi anali atatuluka kale, atakhala pamphasa pakhonde, mwana wawo akuwamanga mpango kumutu. Chikwama chinatsala mkati. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere apongozi, munthu uja analowa m'chipinda chawo.

Anawerama kumutu kwa bedi kuti anyamule chikwamacho. Pomwepo chinthu chinamugunda pachifuwa. Du! Du! Du! Mawu a oimba sankamveka ndi pang'ono pomwe. Kunali kugunda kokhakokha, ngati wina akusinja chimanga m'mutu mwake. Botolo la mankhwala pawindo linkanjenjemera. Anagwada, naika mutu wake papilo pamene mayi ankaika wawo, ndipo sanathe kupirira kuti ndime imodzi yokha ithe.

Anapita pabalaza, nazula chingwe pakhoma. Nyumba inati zii. Anatuluka pakhonde chimanjamanja, nagwada chapatali monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo sanatume munthu. Analankhula yekha.

"Amayi, ndakuzunzani. Nanga bwanji simunanene?"

Mayi aja anayang'ana kumbali. "Tikananena bwanji, bambo? Nyumba ndi yanu. Komanso tinamva kuti mumaikira ife."

Munthu uja analira, kulira kwa munthu wamkulu, kopanda mawu. Kenako mayiwo anamasula mpango uja kumutu, nati, "Ulendowu uyambe wadikira. Tili ndi tulo."

Analowa m'chipinda dzuwa lili paliwombo, ndipo anagona mpaka mmawa mwake. Chithandizo anamaliza, kwawo anabwerera ndi miyendo yawo. Koma adokotala anati mphamvu zina zimene mtima unataya m'masabata amenewo sizidzabweranso, ndipo mkamwini anakhala nawo mawu amenewo moyo wake wonse.

Inu amene mukundimvera, mpando umene mumakhalapo si nyumba yonse. Zilipo zimene mumachita ndi mtima wabwino, ndipo poti kwa inu zikumveka zochepa, mumangowonjezera. Mawu anu, nthabwala zanu, ngakhale chifundo chanu, zimakafika kwa mnzanu ndi kulemera kumene inu simukumva. Ndipo amene amakulemekezani kwambiri ndi amene sadzakuuzani. Adzangolongedza katundu, n'kunamizira mbuzi. Musadikire kuti zifike pamenepo. Dzukani pampandopo lero, mukagwade pamene mnzanu amatsamira mutu, mumvetsere.